Mphamvu ya Khoti Ili mwa Wogonja pa Mlandu

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu)

 Lero tikambirana za makhoti athu, ndipo funso limene tiyambire ndi ili: n'chifukwa chiyani munthu amamvera chigamulo cha woweruza ngakhale chitamupweteka? Woweruza alibe mfuti, alibe asilikali akeake, ndipo ndalama zoyendetsera khoti lake zimavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo n'kutulutsidwa ndi nthambi ya boma yoona za chuma. Akalamula kuti wakuti amangidwe, wokamanga ndi wapolisi amene amalamulidwa ndi boma. Akalamula kuti boma lipereke chipukuta misozi, wopereka ndalamayo ndi boma lomwe lagonja pa mlandulo. Chimene woweruza ali nacho m'manja ndi cholembera ndi mawu basi. Mfundo yanga lero ndi yakuti mawu amenewa amakhala ndi mphamvu pokhapokha anthu akamawakhulupirira, ndipo wotiuza zoona ngati chikhulupirirocho chilipo ndi munthu amene wagonja pa mlandu. Wopambana amayamikira khoti lililonse, ngakhale lokondera, chifukwa lamukomera iyeyo. Koma wogonja akatuluka m'bwalo ali wokhumudwa n'kunenabe kuti andimvera, andifotokozera zifukwa, ndipo woweruzayo sanali m'thumba mwa munthu, pamenepo khoti layima pa maziko olimba.

Nzeru imeneyi makolo athu anali nayo kale. Pabwalo la kwa nyakwawa kapena kwa gulupu, mlandu wa malire a munda ukamazengedwa, wodandaula amayamba kufotokoza mpaka atamaliza, osamudula pakamwa. Kenaka wodandaulidwa amapatsidwa danga lofanana. Mboni zimaitanidwa, ankhoswe amayankhula, akuluakulu amene anaona mundawo ukugawidwa amafunsidwa, ndipo nthawi zina bwalo lonse limanyamuka kukaona mtengo kapena chulu chimene akulimbiranacho. Mfumu imayankhula kumapeto, ndipo siyingotchula wolakwa, imabwereza zimene aliyense wanena kuti khamu lonse lione njira imene yadutsa. Wogonja amapereka nkhuku kapena mbuzi, mawa lake n'kukumananso ndi mnzakeyo pamaliro kapena pachitsime. Sindikunena kuti mabwalo a kumudzi sakondera. Alipo mafumu amene amapotoza mlandu chifukwa cha chibale kapena cham'manja, ndipo amayi amasiye ambiri alandidwa minda pamabwalo omwewo. Koma pamene bwalo la kumudzi likulemekezedwa, mukafufuza mupeza zinthu zitatu: aliyense wamvedwa, zifukwa zanenedwa poyera, ndipo woweruza sanatumidwe ndi wina.

Dziko lathu linaonapo zimene zimachitika chinthu chachitatuchi chikasowa. Mu 1969, mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, lamulo linasinthidwa kuti makhoti otchedwa Traditional Courts azizenga milandu ikuluikulu monga yakupha, ndipo pambuyo pake anapatsidwanso milandu youkira boma. Ambiri mwa oweruza m'makhoti amenewa anali mafumu osankhidwa ndi boma, ndipo wozengedwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Kumeneko n'kumene anazengedwera Albert Muwalo, yemwe ananyongedwa mu 1977. Kumeneko n'kumenenso anazengedwera Orton Chirwa, yemwe anakhalapo nduna ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera Chirwa. Anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse mu 1984, Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. Makhoti amenewo anali ndi mphamvu zonse, ndipo zigamulo zawo zinkatsatidwa popanda wotsutsa. Koma anthu ankawamvera chifukwa cha mantha, ndipo mantha atatha makhotiwo anagwa nthawi yomweyo. Miyezi yochepa chabe itadutsa kuchokera pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 yokhudza ndale za zipani zambiri, makhoti aakulu a mtunduwo anaimitsidwa. Phunziro lake ndi lakuti khoti limene limadalira mantha moyo wake umathera pamodzi ndi wa boma limene likulichirikiza.

Amene analemba malamulo aakulu oyendetsera dziko lino mu 1994 anali ndi mbiri imeneyi m'mutu. N'chifukwa chake gawo 12 likufotokoza kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo wina aliyense amene wapatsidwa mphamvuzo amazisunga malinga ngati anthu akumukhulupirirabe. Mfundoyi siyikupatula oweruza. Gawo 9 likupatsa makhoti udindo womasulira, kuteteza ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa mosakondera, poyang'ana umboni ndi lamulo lokha. Gawo 103 likuletsa munthu aliyense kapena nthambi iliyonse ya boma kulowerera pa ntchito ya oweruza. Gawo 41 likupatsa munthu aliyense ufulu wokatula dandaulo lake kukhoti, ndipo gawo 42 likulamula kuti munthu womangidwa aonekere pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Mukawerenga magawo amenewa pamodzi muona kuti akupanga pangano. Ife nzika tinavomera kuleka kubwezerana tokha, tinavomeranso kuti woweruza asamaopsezedwe ndi aliyense, ndipo mbali yake woweruzayo analonjeza kutimvera, kutiweruza ndi lamulo lokha, komanso kutero m'nthawi yake.

Panganoli linayesedwa kwambiri pambuyo pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalengeza kuti Professor Peter Mutharika wapambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, Dr Lazarus Chakwera anapeza 35.41, ndipo Dr Saulos Chilima anapeza 20.24. Awiri ogonjawo anakadandaula kukhoti, ndipo mlanduwo unapatsidwa kwa oweruza asanu: Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo. Chimene chiyenera kukumbukiridwa ndi momwe mlanduwo unayendera. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 2019, zokambirana za m'khoti zinkaulutsidwa pawailesi, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Anthu m'maminibasi, m'misika, m'mashopu ometera ndi m'makonde a nyumba ankamva okha mboni zikufunsidwa mafunso, ankamva za mapepala a zotsatira ofutidwa ndi tipeksi, za mapepala ena obwereza ndi ena opanda siginecha. Mlimi wa ku Mchinji ndi msodzi wa ku Mangochi anadziwa mayina a maloya ngati momwe amadziwira osewera mpira. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruzawo anafika kukhoti ku Lilongwe moperekezedwa ndi asilikali, n'kuwerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka mdima utagwa. Anafafaniza chisankho cha pulezidenti ndi kulamula kuti china chichitike pasanathe masiku 150. Dziko la Malawi linakhala lachiwiri mu Africa muno kumene khoti lafafaniza kupambana kwa mtsogoleri amene ali pampando, kutsatira dziko la Kenya mu 2017.

Anthu ambiri akamakumbukira tsikulo amakumbukira chisangalalo cha opambana. Ine ndikuti tiyang'ane ku mbali imene inagonja, chifukwa umboni wa mfundo yathu uli kumeneko. Pulezidenti Mutharika ndi bungwe la MEC sanagwirizane nacho chigamulocho, ndipo anachidzudzula poyera ndi mawu amphamvu. Koma njira imene anatenga inali yochita apilo ku Supreme Court, ndipo pa 8 Meyi 2020 oweruza asanu ndi awiri, motsogozedwa ndi mkulu wa oweruza Andrew Nyirenda, anagwirizana ndi khoti loyamba lija. Anatsimikizanso kuti wopambana pa mpando wa pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse, zimene zinasintha kamasuliridwe kamene khoti lomwelo linapereka mu 2000 pa mlandu wa Gwanda Chakuamba. Mu Juni, patatsala masiku ochepa kuti anthu avote, boma linalengeza kuti Nyirenda apite kutchuthi chodikira kupuma pantchito. Khoti linaletsa zimenezo, maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo, ndipo mkulu wa oweruzayo anakhalabe pa udindo wake. Chisankho chinachitika pa 23 Juni 2020, Chakwera anapambana, ndipo ulamuliro unasintha manja mwamtendere. Chinakakamiza amphamvu kugonjera pepala lolembedwa ndi oweruza n'chakuti Amalawi ambiri anali atamva okha umboni ndi zifukwa, kotero kuti kukana chigamulocho kukanakhala kukangana ndi dziko lonse. Ndipo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, lamulo lomwelo la mavoti oposa theka ndi limene Mutharika anapambanira, Chakwera n'kuvomereza kugonja. Lamulo limene dzulo linaoneka ngati chida cha mbali imodzi linadzatumikira mbali inayo mofanana.

(Nyimbo pang'ono)

Mukumvera pulogalamu yophunzitsana za malamulo, ndipo lero tikukambirana za chikhulupiriro cha anthu pa makhoti. Tsopano timve zimene otsutsa amanena, chifukwa zina mwa izo n'zomveka. Choyamba amati: oweruza sitinawavotere, nanga anthu asanu angafafanize bwanji zimene anthu mamiliyoni anachita pamzere wovotera? Funsoli ndi lolemera, ndipo sitiyenera kulipeputsa. Yankho lake lili pawiri. Poyamba, khoti silinasankhe pulezidenti. Linapeza kuti kawerengedwe ka mavoti kanali ndi zolakwika zambiri moti sizikanatheka kunena motsimikiza chimene ovota anafuna, ndipo linabweza nkhaniyo kwa eni ake, omwe ndi ovotawo. Kachiwiri, woweruza savoteredwa mwadala. Phungu amayenera kumvera ambiri chifukwa ndi amene anamutuma, koma pamafunika munthu wina m'dziko amene angayang'ane wamasiye mmodzi, mkaidi mmodzi kapena chipani chochepa n'kunena kuti lamulo lili kumbali yako, ngakhale khamu likufuula zina. Woweruza wofuna mavoti sangathe kutero. M'malo mwa mavoti, woweruza amalipira ngongole yake kwa anthu polemba zifukwa zimene aliyense angathe kuziwerenga, kuzitsutsa ndi kukazichitira apilo. Mkulu wa oweruza amasankhidwa ndi pulezidenti koma amayenera kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo oweruza ena amadzera ku bungwe la Judicial Service Commission, choncho dzanja la anthu silisoweratu pa kasankhidwe kawo.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina. Amati ngati khoti limadalira chikhulupiriro cha anthu, ndiye kuti lizingogamula zokomera ambiri, ndipo amatchula zionetsero zimene zinadzaza misewu mu 2019 ngati umboni wakuti oweruza anatsatira phokoso. Apa m'pofunika kusiyanitsa kukondedwa ndi kukhulupiriridwa. Khoti limene limagamula poyang'ana kukula kwa gulu lili panja silingakhulupiriridwe ngakhale ndi gululo, chifukwa aliyense amadziwa kuti mawa gulu lalikulu lidzakhala la wina. Makhoti athu aperekapo zigamulo zimene sizinali zokometsera khamu. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha popanda kumva momwe zinthu zinachitikira, ndipo akaidi ambiri anadzamvedwanso n'kupatsidwa zilango zina. Mu Januwale 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wogulitsa majumbo amene apolisi anamugwira m'bandakucha akupita ku Limbe kukachita malonda ake, khoti linathetsa ndime ya lamulo la vakabu imene inkalola kumanga munthu chifukwa chongomukayikira. Lamulolo linali lochokera kwa atsamunda, ndipo amene ankagwidwa nalo anali osauka oyenda pansi. Mu 2020 khoti linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo, amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi, apatsidwe chipukuta misozi. Venda ndi amayi akumudzi sakanatha kusonkhanitsa chikhamu choopseza woweruza. Anapambana chifukwa lamulo linali kumbali yawo, ndipo zigamulo zotere n'zimene zimauza munthu wamba kuti nayenso akhoza kumvedwa.

Komabe tikanakhala osaona mtima tikanathera pamenepa. Oweruza asanu aja anapatsidwa mphoto ya 2020 ya bungwe la Chatham House la ku London, ndipo dziko linanyadira. Koma Mmalawi wamba sakumana ndi chilungamo pa mlandu wa chisankho. Amakumana nacho kukhoti la majisitireti la paboma, ndipo chithunzi cha kumeneko n'chosiyana. Mayi amene walandidwa katundu mwamuna wake atamwalira amadzuka usiku, kulipira kabaza kapena galimoto ya matola, n'kufika pakhoti dzuwa lisanakwere. Amakhala pabenchi kapena pansi pa mtengo mpaka masana, kalaliki n'kutuluka kudzamuuza kuti mlandu wasunthidwa chifukwa majisitireti wapita ku msonkhano, kapena wapolisi woimira boma sanabwere, kapena fayilo sikuoneka. Tsiku limene mlandu wamvedwa, zambiri zimayankhulidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi, iye n'kumadikira womasulira amutapireko pang'ono. Mnzake wotsutsana naye ali ndi loya, iye alibe, chifukwa bungwe la Legal Aid Bureau lili ndi maloya ochepa poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Akafuna kuchita apilo amauzidwa za bwalo lalikulu la ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ulendo umene mtengo wake ungapose katundu akulimbiranayo. Mayi ameneyu akagonja sanganene kuti andimvera, chifukwa sanamve n'komwe zimene zimanenedwa zokhudza iye mwini.

Kuchedwa kwa milandu ndi bala lalikulu kuposa onse. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo n'zoona, koma mboni zimamwalira, zina zimasamuka, zina zimaiwala, ndipo munthu amene ali pa rimandi amakalambira m'ndende asanapezeke wolakwa. Bungwe la maloya la Malawi Law Society lakhala likudandaula za zigamulo zimene zimatenga zaka zisanatuluke mlandu utamvedwa kale. Mu 2012 ogwira ntchito m'makhoti ananyanyala ntchito kwa miyezi yoposa iwiri pa nkhani ya malipiro, ndipo nthawi yonseyo zitokosi za apolisi zinadzaza ndi anthu osaonekera kwa woweruza. Apa cholakwa si cha oweruza okha. Boma limene silipereka ndalama zokwanira zomangira makhoti, zolembera oweruza ndi zogulira ngakhale mapepala likufooketsa chilungamo mwakachetechete. Boma limene silitsatira zigamulo likuchita zoipa koposa. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse ndi theka kuthithikana kwa akaidi m'ndende, koma zaka zambiri zadutsa ndende zathu zikusungabe anthu ochuluka kuposa amene zinamangidwira. Nzika ikaona boma likunyalanyaza chigamulo imaphunzira kuti mawu a woweruza amamanga ofooka okha.

Palinso mabala amene makhoti amadzipweteka okha. Mu Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, Supreme Court inatulutsa chigamulo chimene chinamveka kuti chathetsa chilango cha imfa m'Malawi, ndipo nkhaniyo inafalikira dziko lonse lapansi. Mu Ogasiti chaka chomwecho khoti lomwelo linatulutsa chigamulo chokonzedwanso chonena kuti ambiri mwa oweruza sanagwirizane ndi mfundo imeneyo, ndipo chilangocho chikadalipo. Kaya munthu amagwirizana ndi chilango cha imfa kapena ayi, bwalo lomaliza m'dziko likayankhula pawiri pa nkhani ya moyo wa munthu, anthu amayamba kufunsa ngati zigamulo zimawerengedwa ndi onse ozisayinira. Kuwonjezera apo pali nkhani ya ziphuphu. Mlandu wa chisankho uli mkati, mkulu wa oweruza anakanena yekha ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB kuti pali anthu amene akufuna kugula oweruza asanu aja, ndipo mu 2021 wabizinesi wina anapezeka wolakwa ku bwalo lalikulu pa nkhaniyo, ngakhale anachita apilo. Kuulula kumeneko kunakweza ulemu wa makhoti. Koma chakumapeto kwa 2024 kunabuka madandaulo apoyera, makamaka pa Facebook, onena za katangale pakati pa oweruza ndi maloya ena, mpaka bungwe la Judicial Service Commission linalengeza kuti lifufuza. Kunenedwa si kupezeka wolakwa, ndipo woweruza nayenso ali ndi ufulu womvedwa. Chodetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri anakhulupirira nkhanizo msanga, zomwe zikusonyeza kuti kukayika kunalipo kale m'mitima.

Apa pamabwera kutsutsa kwachitatu, kumene kumachokera kwa anthu okonda makhoti. Amati kukamba zofooka za oweruza pawailesi ndiko kumene kumawononga chikhulupiriro, ndipo andale ofuna kulanda makhoti amayambira pa madandaulo oterewa. Mantha awo ali ndi maziko. Mu Novembala 2001 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti oweruza atatu, Dunstain Mwaungulu, Anaclet Chipeta ndi George Chimasula Phiri, achotsedwe ntchito, ndipo ambiri m'dziko muno ndi kunja anaona kuti chifukwa chenicheni chinali zigamulo zimene sizinakomere olamula. Anthu atadzudzula kwambiri, oweruzawo sanachotsedwe. Choncho n'zoona kuti mawu akuti tikonze makhoti amatha kukhala chophimba cha ofuna kuwagwira pakhosi. Koma kukhala chete sikuchiritsa. Mlimi akakayikira sikelo ya venda wogula chimanga, kumuletsa kudandaula sikungabweze chikhulupiriro chake, chimene chingabweze ndi kuyesa sikeloyo poyera ndi mwala wodziwika kulemera kwake. Kusiyana kuli pa chimene woweruza akufunsidwa. Kumulanga chifukwa cha momwe wagamulira ndi kulowerera, ndipo mankhwala a chigamulo cholakwika ndi apilo. Kumufunsa za ndalama zimene walandira, za fayilo imene yasowa, kapena za chigamulo chimene chakhala zaka osalembedwa ndi udindo umene malamulo amalola. Nyumba ya Malamulo inavomereza kumapeto kwa 2024 malamulo atsopano okhudza kayendetsedwe ka nthambi ya makhoti ndi kalandiridwe ka madandaulo okhudza oweruza. Phindu lawo lidzaoneka pokhapokha wodandaula akamauzidwa mathero a dandaulo lake, wolakwa n'kulangidwa poyera, wosalakwa n'kuyeretsedwa poyeranso.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya maloya okha, chifukwa chikhulupiriro chikatha mtengo wake umalipiridwa ndi magazi. Tamva kambirimbiri za anthu oganiziridwa kuba akumenyedwa kapena kutenthedwa pamsika, za nyumba za apolisi zikugwetsedwa, ndi za okalamba akuphedwa powanamizira ufiti, monga anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016. Ochita zimenezi amadziwiringula kuti tikamupereka kupolisi mawa timuona akuyenda. Palibe chifukwa chimene chingalungamitse kupha munthu osamumva, ndipo gulu lolusa limaphwanya mfundo zonse zitatu zimene tatchula: silimva mbali inayo, silipereka zifukwa, ndipo wodandaula yemweyo ndiye woweruza. Mbali ina ya mkwiyowu imachokera pa kusamvetsa za belo. Belo si kumasulidwa pa mlandu. Munthu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, choncho amaloledwa kudikira mlandu ali kunyumba pa malamulo amene wapatsidwa, ndipo akawaphwanya amabwezedwa m'chitokosi. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo wokuuzani kuti mulipire akukuberani. Milandu yambiri imatheranso panjira chifukwa anthu omwe anagwira wakubayo sapita kukachitira umboni, kenaka n'kumaloza chala khoti kuti lamasula chigawenga.

Nanga tichite chiyani? Kwa oweruza ndi amajisitireti, pempho ndi lakuti chimene chinachitika pa mlandu wa chisankho chikhale chizolowezi cha tsiku ndi tsiku. Wogonja afotokozeredwe m'chiyankhulo chimene amamva chifukwa chimene wagonjera ndi kumene angapite ngati sakukhutira. Mlandu ukasunthidwa, chifukwa chake chinenedwe ndipo tsiku latsopano lisungidwe. Zigamulo zituluke m'nthawi yoikika, ndipo woweruza amene ali pa ubale kapena pa ubwenzi ndi mbali ina adzichotse yekha asanapemphedwe. Ntchito yabwino imene alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI akhala akugwira m'ndende kuyambira mu 2000, pamodzi ndi makhoti okazengera milandu kundende komweko, yaonetsa kuti anthu oiwalika pa rimandi akhoza kupezeka ndi kuthandizidwa popanda ndalama zambiri, ndipo iyenera kukulitsidwa. Kwa olamula ndi otsutsa boma, pempho ndi lakuti muzilemekeza khoti tsiku limene mwagonja monga momwe mumalitamandira tsiku limene mwapambana. Amene lero akutcha oweruza ngwazi chifukwa chiletso chamukomera, mawa n'kuwatcha adani a dziko chifukwa chiletso china chamupinga, akuphunzitsa omutsatira kuti lamulo lilibe kanthu.

Ndipo kwa inu omvera, khoti ndi lanu. Milandu yambiri imazengedwa poyera, ndipo muli ndi ufulu wolowa, kukhala pabenchi ndi kumvetsera. Mukaitanidwa kukachitira umboni, pitani mukanene zimene munaona. Mukalipira ndalama iliyonse kukhoti, funsani lisiti. Wina akakupemphani kangachepe kuti fayilo yanu iyende, kaneni ndipo kadandauleni kwa akuluakulu a khotilo kapena ku bungwe la ACB. Ngati mulibe ndalama za loya, kafikeni ku ofesi ya Legal Aid Bureau. Mukagonja ndipo mukuona kuti woweruza walakwitsa, chitani apilo m'masiku amene lamulo limapereka, osatenga chikwanje. Makhoti athu anaonetsa mu 2020 kuti akhoza kuweruza amphamvu mopanda mantha, ndipo tsopano tiyenera kuwafunsa molimba mtima kuti aweruzenso ofooka mwachangu, momveka ndi mosagulidwa.  

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)